Timitanda pa Pepala la Lonjezo

Chimene chimayamba kundibwerera ndikakumbukira chilimwe chija ndi fungo la kapeti ya ku kiliniki. Inkamveka mankhwala ochapira osakanikirana ndi makrayoni, ndipo ukangolowa kuchokera padzuwa, mpweya wozizira wa m'makina unkakumenya pakhosi mpaka thukuta kuuma nthawi yomweyo. Kunja, Joondalup yense ankawotcha. Phula la pamalo oimika magalimoto linkafewa, ntchentche zinkakakamira pamilomo, ndipo akhwangwala a kuno, amene amalira ngati mwana wotopa, ankangokhala m'mitengo ya bulugamu kukamwa kuli yasa. Unali mwezi wa Disembala, nthawi imene kwathu ku Lilongwe mvula imakhala ili mkati. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mchimwene wanga wamng'ono, Lonjezo, anali ndi zaka zinayi, ndipo anali asanalankhulepo ngakhale liwu limodzi.

Tinali titakhala ku Perth, mzinda wa ku Australia, zaka ziwiri. Amayi anali namwino kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo abambo ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Welshpool. Tinkakhala m'kanyumba ka njerwa zofiirira, ka zipinda ziwiri, masiteshoni anayi kuchokera ku Joondalup. Kapinga wapakhomo pathu anali wouma ngati tsache, pamene wa mzungu woyandikana nafe ankathiriridwa m'mawa uliwonse ndi timipope totuluka tokha pansi. Lonje ankakonda kuyang'ana madziwo pazenera, manja ake akukupiza ngati kambalame kofuna kuuluka. Anali ndi zitsekerero za mabotolo zimene ankazindandalika pazenerapo, zofiira pazokha, zabuluu pazokha, ndipo munthu akasuntha chimodzi ankalira mpaka mawu kusasa. Akafuna chinthu ankandigwira pamkono nkundikokera kumene chili. Ndinkadziwa kukoka kwa ludzu, kukoka kwa njala, ndi kukoka kongofuna kuti ndikhale pafupi. Madzi ankamwera m'kapu yobiriwira yokha. Amayi ankauza alendo moseka kuti Takondwa ndiye pakamwa pa Lonje, ndipo ine ndinkanyada nazo.

Kumapeto kwa Novembala amayi anabwera kuchokera kwa dokotala wa ana ndi envulopu yaikulu. Anaiika pamwamba pa filiji, ndipo tsiku limenelo ndinamva koyamba mawu akuti otizimu. Palibe anandifotokozera tanthauzo lake. Abambo atamva anatuluka panja nkuyamba kutsuka galimoto imene anali ataitsuka kale dzulo lake. Envulopuyo inakhala pa filijipo milungu itatu, ikuchita fumbi, aliyense akuidutsa ngati sakuiona.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, akuluakulu anali kumwa tiyi m'holo ndipo ine ndinkatolera makapu. Amayi anaima pakona ndi Anti Tembo, mayi wa ku Zambia amene anatilandira titangofika, ndipo ndi amene anatipatsa mabulangete athu oyamba. Ankalankhula motsitsa mawu, koma ndinali pafupi.

"Mwana ali che bwino, azakamba," anatero Anti Tembo. "Osamupeleka ku vipatala manje, lindilani mapepa yachoke. Bakalemba ati ali na vuto, viza bazakana. Bazamubweza."

Amayi ankangozunguliza supuni m'kapu ya tiyi amene anali atazizira kale. Ine ndinatenga mawu amodzi okha, akuti bazamubweza, ndipo m'mutu mwanga anatanthauza Lonje yekha. Pobwera kuno ndinali nditaona pabwalo la ndege ku Johannesburg mwana woyenda yekha, atakolekedwa chikwama cha mapepala m'khosi, akutsogozedwa ndi mayi wovala yunifolomu. Ndinayamba kumuona Lonje ali chomwecho. Ndinkadzifunsa kuti mundegemo akakoka mkono wa ndani, ndipo ndani akadziwa za kapu yobiriwira.

Sabata yotsatira amayi anatsitsa envulopu ija, anaipukuta, nkuimba foni. Sukulu inali itatsekera ndipo panalibe wondisiyira, choncho ndinkapita nawo. Tinkakwera sitima m'mawa, Lonje atakhala pazenera, zala zili m'makutu, maso ali pa magalimoto a mumsewu waukulu amene sitimayo inkawapitirira. Kilinikiyo inali pamwamba pa sitolo ina, kuseri kwa mashopu akuluakulu. Anatilandira mtsikana wamtali wa tsitsi lofiirira, atavala kabudula ndi nsapato zotsegula. Anati dzina lake ndi Jess, ndipo tizimutchula choncho basi. Amayi zinawakanika kutchula munthu wophunzitsa mwana wawo ndi dzina lokha, moti mpaka kumapeto ankati Anti Jess, ngakhale anali wamng'ono kwa iwo.

Jess anafotokoza kuti chithandizocho chimatchedwa ABA. Anati chinthu chilichonse chimene mwana akufunika kuphunzira amachiduladula m'tizigawo ting'onoting'ono, nkumabwereza kagawo kamodzi kambirimbiri, ndipo mwana akachita amamupatsa chimene amakonda. Anati ayamba ndi kumuphunzitsa kupempha pogwiritsa ntchito timakadi ta zithunzi. Amayi ankagwedeza mutu. Ine sindinkamvetsera kwenikweni, chifukwa maso anga anali pa kathabwa kamene Jess anakakumbatira pachifuwa, kali ndi pepala la mizeremizere ndi cholembera chabuluu chomangirira ku chingwe.

Anamutenga Lonje nkulowa naye m'kachipinda, ife nkutikhazika m'chipinda china choyandikana nacho. Pakati panali galasi lodabwitsa. Ife tinkawaona bwinobwino, koma iwo ankangodziona okha ngati pakalilole. M'kachipindamo munali katebulo, timipando tiwiri ndi bokosi la zidole. Jess anamusiya Lonje kuti andandalike zitsekerero zake, kenaka anatenga chimodzi chofiira nkuchigwira m'manja. Patebulo anaikapo kakadi ka chithunzi cha chitsekerero, nkutambasula dzanja, nkudikira. Lonje anayang'ana uku ndi uku kufuna mkono woti akoke. Atausowa anayamba kulira, kulira kuja kumene kunyumba ndinkakuthetsa pasanathe ndi mphindi yomwe. Anabwera mpaka pagalasi, nkhope yake pafupi ndi yanga, koma sankandiona. Jess anamubweza mofatsa, anagwira dzanja lake, analiika pa kakadi, anakanyamula naye limodzi, nkumupatsa chitsekerero chija. Kenaka anawerama nkulemba papepala.

Ndinali nditaphunzira sitandade wani ndi thu ku Lilongwe, ndipo ndinkadziwa bwino zimene aphunzitsi amalemba ndi cholembera. Ukakhoza amachonga, dzanja limayenda kamodzi. Ukalakwa amaika kamtanda, dzanja limayenda kawiri. Dzanja la Jess linayenda kawiri. Tsiku limenelo ndinawerenga timitanda mpaka zala zanga zinatha, ndinayambiranso, ndipo kuchonga sindinakuone. Sindinakayike kuti awa ndi mayeso aja, ndipo pepala ili ndi limene Anti Tembo ankanena.

Tinkapita katatu pa sabata. Khirisimasi inadutsa ndi kutentha kwake, anthu a kutchalitchi anawotcha nyama kupaki, koma ine chakudya sichinkalowa. Ndikamva kanjinga kamoto ka wopereka makalata ndinkathamangira kubokosi amayi asanatuluke, kukaona ngati muli envulopu ya chidindo cha boma, chija chokhala ndi kangaru. Galimoto yoyera ikaima pafupi ndi geti lathu ndinkamulowetsa Lonje kuchipinda nkutseka makatani. Palibe anazindikira. Amayi masabata ena ankagwira ntchito usiku, ndipo masana tikabwerako ku kiliniki ankagona, fani ikuwapemerera, nsalu yonyowa ili pamphumi.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinkamuphunzitsa Lonje mobisa. Ndinadula zithunzi m'mapepala otsatsa malonda a kusitolo, ndipo ndinkamutsekera m'bafa, mmene matailosi ake anali ozizirirapo, nkumamulanda zitsekerero monga ankachitira Jess. Koma ine ndinalibe kuleza mtima kwa Jess. Ndinkamugwira chibwano kuti andiyang'ane, ndinkamunong'oneza mwaukali kuti akapanda kukhoza amutenga, ndinkamukanikiza dzanja pachithunzi mpaka pepala kung'ambika. Tsiku lina anandiluma pamkono, pamalo pomwe ankakonda kugwira pondikoka. Mano ake anasiya chizindikiro chakuda. Sindinalire poopa kudzutsa amayi. Kwa masiku angapo ndinkavala malaya a manja aatali m'kutentha konse kuja, ndipo Lonje anasiya kundikoka. Akafuna madzi ankangoima pafupi ndi filiji nkumalira yekha.

Jess anali atauzanso amayi kuti kunyumba tisamamupatse chinthu asanapemphe ndi kakadi, tizidikira pang'ono. Anatipatsa timakadi titatu tomata pachitseko cha filiji. Amayi ankayesetsa, ataima pamenepo milomo italumana, akuwerenga chamumtima. Ine ndinkaona ngati nkhanza. Amayi akangotembenuka ndinkathira madzi m'kapu yobiriwira nkumupatsa, kenaka nkumadziimba mlandu kuti mawa akalakwanso chifukwa cha ine.

Pakati pa Januwale kunacha tsiku la utsi. Tchire linkapsa kwinakwake kumapiri, dzuwa linatuluka lofiira ngati khala, ndipo paliponse pankanunkha bulugamu wopserera. Lonje anayamba kuvuta tili musitima. Ku kiliniki analira kuyambira polowa mpaka potuluka, anagubuduza katebulo, anadzimenya mutu ndi zibakera mpaka Jess anaika dzanja lake pakati. Ngakhale zinali choncho, Jess ankalembabe. Nthawi itatha anatuluka thukuta lili kamukamu, anaika kathabwa kaja pampando, nkupempha amayi kuti akakambirane pang'ono mu ofesi. Amayi anamunyamula Lonje nkulowa. Ndinatsala ndekha ndi kathabwako.

Aka kanali koyamba kuliona pepalalo pafupi. Pamwamba panali dzina lonse la Lonje ndi tsiku lake lobadwa. M'munsi munali timabokosi, ndipo pafupifupi tonse tinali ndi timitanda tabuluu. Pansi pake panali mapepala enanso a masiku am'mbuyo. Manja anga anayamba okha. Ndinasolola mapepala onse, ndinawapinda, ndinawabisa m'malaya, nkuthamangira kuchimbudzi cha kumapeto kwa khonde. Ndinakhoma chitseko, ndinawang'amba tizidutswa, nkuponya m'madzi. Nditagujumula, madzi anakwera m'malo motsika. Anafika m'mphepete, tizidutswa tikuyandama, inki yabuluu ikusungunuka. Ndinagujumulanso ndipo anasefukira pansi mpaka kunyowetsa nsapato zanga. Ndinaima pamenepo ndikumva anthu akufunsana panja. Kenaka amayi anagogoda.

"Takondwa, tsegula chitsekochi."

Nditatsegula, amayi anayang'ana madziwo, anayang'ana tizidutswa, nkundiyang'ana ine. Sindinawaonepo atachita manyazi chomwecho. Anayamba kupepesa kwa Jess, kwa mayi wolandira alendo, kwa aliyense amene anali pakhondepo, akunena kuti akolopa okha, kuti mwanayu sanaleredwe choncho. Dzanja lawo linali litandigwira phewa mwamphamvu, ndipo ndinkadziwa kuti nkhani yeniyeni ikakambidwa kunyumba. Koma Jess anakhala pakapeti, pakhonde pomwepo, kuti maso ake afanane ndi anga, nkundifunsa chifukwa chimene ndachitira zimenezo. Ndinayesa kuyankha m'Chingerezi koma mawu ake anandisowa. Ndinatembenukira kwa amayi.

"Akulemba kuti walephera," ndinatero. "Akatumiza kuboma amubweza yekha ku Malawi. Anti Tembo ananena."

Dzanja la amayi linafewa paphewa panga. Kenaka anamasulira mawu angawo kwa Jess. Jess sanaseke. Anandiuza kuti timitandato si mayeso a Lonje. Kamtanda kankatanthauza kuti pamenepo wamuthandiza ndi dzanja lake, ndipo timitanda tikachuluka ndiye kuti iyeyo ndi amene ayenera kusintha kaphunzitsidwe. Ananditengera mu ofesi nkundionetsa kabati yachitsulo mmene mapepalawo ankasungidwa. Ndinamufunsa ngati a boma amawerenga. Anati iye mapepala amenewo satumiza kulikonse, koma za viza sakuzidziwa, ndipo sangandiuze chinthu chimene sakuchidziwa. Ponena zimenezi anayang'ana amayi, ndipo amayi anayang'ana pansi.

Pobwerera sitima inali yopanda anthu ambiri. Lonje anagona pamiyendo pa amayi, tsitsi lake lili nyowee ndi thukuta. Tinadutsa masiteshoni awiri. Kenaka amayi anagwira mkono wanga, anapinda dzanja la malaya, nkuona chizindikiro cha mano chija, chimene tsopano chinali chitayamba kuyezuka. Sanafunse kuti zinachitika bwanji. Anangochisisita ndi chala.

"Tamvera, mwanawe. Palibe amene akwere ndege yekha. Akatibweza, tibwerera tonse anayi."

"Ndiye atibweza, Mami?"

"Sindikudziwa."

Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti zonsezo nzabodza. Mawu akuti sindikudziwa anandiopsa, chifukwa ndinali ndisanawamvepo amayi akuwanena pa nkhani yaikulu. Komabe tsiku limenelo ndinadya chakudya chonse chimene anandigawira. Nkhani ya chimbudzi sinakambidwenso, kupatula kuti anandilembetsa kalata yopepesa, nkundijambulitsa duwa pansi pake.

Sabata yotsatira Jess anayamba kundilowetsa m'kachipinda kaja kwa mphindi zochepa kumapeto. Anandifunsa mawu amene timagwiritsa ntchito kunyumba polankhula ndi Lonje, nkuwalemba kuseri kwa timakadi. Mawu akuti madzi ankamukanika, ankati mazi, ndipo ndinkamubwerezetsa mpaka tonse kuseka. Anandiphunzitsa kukhala manja ali pamiyendo, kudikira, osamugwira chibwano. Kudikirako kunali kowawa. Mantha sanathe, ndipo kubokosi la makalata ndinkathamangirabe, koma m'bafa sindinamutsekerenso.

Kutatsala masiku ochepa kuti sukulu itsegulire, abambo anaweruka msanga tsiku lina. Anakhala pampando wa kukhitchini asanavule malaya awo a kuntchito, aja owala ngati lalanje, akumasula zingwe za nsapato. Mphepo ya kunyanja inali itangoyamba kulowa pazenera, makatani akuvina. Lonje anabwera kuchokera kuchipinda, anaima pa filiji, anamatula kakadi ka kapu, anadutsa ine, nkukakaika m'dzanja la abambo. Palibe anamuuza. Abambo anakayang'ana kakadiko nthawi yaitali, akukatembenuza, kenaka anayang'ana mwana wawo. Lonje anayamba kupondaponda pansi, kulira kuli pafupi.

"Dadi, mpatseni madziwo," ndinatero.

Abambo anadzidzimuka, anadzuka nsapato imodzi ili kuphazi, nkuthira madzi mpaka kutayikira patebulo. Lonje anamwa, anasiya kapu, nkubwerera ku zitsekerero zake ngati palibe chachitika. Abambo anakhalanso pansi ndipo nsapato inayo sanaivule kwa nthawi ndithu.

Mawu enieni anadzabwera patapita zaka ziwiri, ndipo mpaka lero Lonje sawononga mawu. Nkhani ya mapepala athu okhalira m'dziko muno inatenga zaka, inadutsa m'makalata ambiri ndi m'mapemphero a anthu a kutchalitchi, Anti Tembo ali patsogolo. Pamapeto pake tinaloledwa kukhala. Ndili kukoleji ndi pamene amayi anandiuza kuti Anti Tembo sankanama kwenikweni, kuti mabanja okhala ndi mwana ngati Lonje amavutikadi ndi viza, ndipo kuti milungu itatu ija envulopu ili pa filiji iwo ndi abambo ankakangana tsiku ndi tsiku ife tikakhala panja. Anasankha kumupititsa ku kiliniki akudziwa kuti mwina akutseka okha khomo limene anavutikira kulitsegula. Mantha amene ndinkawabisa m'malaya a manja aatali anali omwewo amene iwo ankagona nawo, kungoti iwo ankadziwa kukula kwake kwenikweni.

Sizonse za ku kiliniki zimene timazikumbukira mokondwa. Panali nthawi ina, Jess atachoka, pamene aphunzitsi ena ankamuphunzitsa Lonje kuti asamakupize manja ndiponso kuti aziyang'ana anthu m'maso, ndipo amayi amati akanadziwa zimene akudziwa lero akanakana. Lonje tsopano amagwira ntchito yosankha zipatso kumsika waukulu wa ku Canning Vale, ndipo akasangalala amakupizabe manja, palibe womuletsa. Chaka chatha ndikumuperekeza kuntchito ndinamufunsa ngati amakumbukira kachipinda kaja, ndiponso chimene chinkamuliza kwambiri. Ndinkaganiza kuti atchula zitsekerero zake zimene ankalandidwa, kapena kusowa kwa ine. Titafika pamaloboti anati babu la kudenga linkalira, ndipo linkamupweteka m'makutu.

Chilimwe chonse chija ndinkakhulupirira kuti padziko lapansi panalibe munthu womumva Lonje kuposa ine. M'kachipindamo ndinalowamo kangapo konse, ndinakhala pansi pa babu lomwelo, ndipo sindinamve kalikonse.